Mutu 6: Botolo la Pachitsime cha Amayi

1. Ntchito ya mabotolo

Dzina lakuti Kalembera anamupatsa ndi anyamata ometa a pamsika. Tsiku ndi tsiku ankamuona akudutsa, kope lili m'khwapa, bolopeni atasomeka m'tsitsi, bokosi la mabotolo lili pamutu. Ankamufuulira kuti, "Kalembera, lero utiwerengeko ndi ife, tilipo anayi ndi galu!" Iye ankangoseka. Dzina lachipongwe likakugwira silichoka, moti ngakhale amayi ake anayamba kumuitana choncho.

Anali atangomaliza sekondale. Anzake ambiri anali pakhomo kudikira zotsatira za mayeso, koma iye anachita mwayi. Ofesi yoona za chilengedwe inkafuna achinyamata khumi oti ayeze madzi a m'zitsime za m'tauni yonse. Inali ntchito ya miyezi itatu yokha, koma kwa mwana wa kumunsi kwa msika inali nkhani yaikulu.

Kumunsi kwa msika kunalibe mpopi ngakhale umodzi. Nyumba zinali zothithikana, munthu akayetsemula m'nyumba mwake ankamveka nyumba zitatu. Anthu ankamwa madzi a m'zitsime zisanu ndi zinayi, ndipo chachikulu pa zonsezo chinali pakhomo pa Kalembera. Anachikumba ndi malemu bambo ake. Chimwalirireni bambowo, amayi ake ankagulitsa madzi pandowa. Iwo, Kalembera ndi mzime wawo wa zaka zinayi ankadya za chitsimecho.

Ntchito yake sinali yovuta. Botolo lililonse linali ndi kapepala ka mankhwala m'kati. Ukafika pachitsime umathira madzi mpaka pamzere, kutseka, kulemba nambala ya chitsimecho, n'kulisunga masiku awiri pamalo osawomba dzuwa. Madzi akakhala abwino, botolo linkakhalabe loyera. Akakhala kuti alowa zoipa za m'chimbudzi, linkada bii, n'kumanunkha ngati dzira lovunda. Aliyense ankapatsidwanso botolo limodzi lapadera, loti agwiritse ntchito lina likasweka.

2. Mawu a a Dekhani

Woyang'anira ntchitoyo anali bambo wina wa imvi, amene anatsala pang'ono kupuma pantchito. Achinyamatawo ankawatchula a Dekhani, chifukwa mawu awo oyamba pa nkhani iliyonse anali amenewo. Ankanena kuti ngakhale ofesi itayaka moto, mkuluyo akanayamba ndi "dekhani" asanafunse kumene kuli khomo.

Lolemba la sabata lomaliza anawasonkhanitsa m'chipinda cha mapu. Pakhoma panali mapu aakulu a tauni yonse, omatidwa timadontho tofiira ndi tobiriwira.

"Ana anga, dekhani, mundimve," anayamba motero. "Dontho lobiriwira ndi chitsime chabwino, lofiira ndi choipa. Chitsime chofiira timachitseka ndi simenti, palibe kuchitira mwina. Koma mapuwa sitikujambulira kutseka zitsime ayi. Mapaipi amene apezeka chaka chino ndi okwanira dera limodzi lokha, ndipo adzapita kumene zinthu zaipa kwambiri. Anthu amene adzasankhe deralo sanapondeko kwanu. Sadziwa ndi fungo la ngalande zanu lomwe. Adzangoyang'ana mapuwa basi. Maso awo ndinu.

"Nambala imene mumalemba ndi bolopeni yanuyo imayenda ulendo wautali kuposa inu. Imakalowa m'kompyuta. Imakakhala pamsonkhano umene inu simudzaitanidwa, n'kumalankhula m'malo mwa amayi anu. Ikakhala yoona imabwera ndi mpopi. Mpopi ukabwera, mayi sathera tsiku pamzere wa kuchipatala, amapita kukachita geni yake. Mwana sajomba kusukulu chifukwa chotsegula m'mimba. Umphawi umachoka choncho, pang'onopang'ono, osati ndi kuomba m'manja pamisonkhano. Koma nambala ikakhala yabodza imakhala pakhoma apa zaka zisanu, chifukwa kuyeza kwina n'kwa zaka zisanu zikubwerazo. Ndipo nambala yabodza sichita manyazi. Imangokhala phee, ana akudwala.

"Musanyengeke ndi maso. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Madzi akhoza kuyera mbee koma ali ndi matenda. Dothi la kumunsi kwa msika ndi lamchenga. Chimbudzi chikakumbidwa chakumtunda kwa chitsime, mvula ikagwa zoipa zimayenda pansi pa nthaka monga mafuta amayendera pachingwe cha nyali. Mwini chitsime alibe mlandu, chifukwa pansi pa nthaka saonapo. Mlandu umayamba pamene wina wadziwa n'kukhala chete."

Mnyamata wina anayasamula mokweza, anzake n'kuseka. A Dekhani sanakwiye. "Yasamulani," anatero, "mawu a akuluakulu amakoma akagonera."

Pomaliza anatembenukira kwa Kalembera. "Iwe, kudera kwako kwatsala chitsime chimodzi, nambala 27. Ndi cha kwanu, eti? Wina akanati ndipatse mnzako akayeze. Koma iwe chiyambire sunandinamizepo. Pita ukayeze wekha."

3. Botolo lada

Tsiku lomwelo Kalembera anatunga madzi pachitsime cha kwawo, n'kuthira m'botolo mpaka pamzere, n'kulembapo 27. Asanalowe m'nyumba anayang'ana chakumtunda. Chaka chapitacho, mwini malo oyandikana nawo anamanga mdadada wa zipinda zisanu ndi zitatu za lendi, chimbudzi chake chimodzi. Kalembera anayenda kuchokera pachitsime kukafika pachimbudzicho akuwerenga mapazi. Anakwana khumi ndi awiri. Kuofesi anawaphunzitsa kuti asamachepere makumi atatu.

Botololo analiika pansi pa bedi. Pofika Lachiwiri linali lidakali loyera. Lachitatu m'mawa atalitulutsa linali bii.

Anangoti kakasi. Anayamba kulipukuta ndi siketi yake ngati kuti kudako kunali kunja. Amayi ake analowa, chingwe cha ndowa chili paphewa.

"Watani kodi, wangouma ngati waona njoka?"

"Amayi, lada."

"Chada n'chiyani?"

"Botolo la pachitsime chathu."

Amayiwo analitenga, analikweza pawindo, kenako analiika patebulo pang'onopang'ono. Tanthauzo lake ankalidziwa. Dera lonse linkalidziwa, pakuti mabotolo anayi anali atada kale, ndipo eni zitsimezo anali atasiya kumupatsa moni Kalembera.

"Ndani wina waliona?"

"Palibe."

Anatseka chitseko, n'kukhala pabedi.

"Khala pansi, mwana wanga, undimve. Ine sukulu sindinapite nayo patali, za mapu sindizidziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti chitsime ichi bambo ako anakumba ndi manja awo miyezi itatu, akutuluka m'dzenjemo milomo itayera. Sanatisiyire munda, sanatisiyire golosale. Anatisiyira dzenje ilo. Yunifolomu yako inachokera mmenemo. Bolopeni wasomeka m'tsitsiyo inachokera mmenemo. Lero bolopeni yomweyo ikatseketse chitsime?

"Ukuti mpopi ubwera. Ubwera liti? Ine za mpopi ndinazimva ndili ndi pakati pako. Anabwera anthu a zipewa, anayeza, anakhoma zikhomo. Ana anazula zikhomozo n'kumaseweretsa. Simenti ndiye sichedwa, mwana wanga. Simenti ibwera sabata lamawa, mpopi chaka chamawa, kaya chinacho. Nanga pakatipa mng'ono wakoyu adya mapu? Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ndiponso madziwa tamwa zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Wafa ndani?"

"Kale kunalibe chimbudzi icho, amayi."

"Ndiye akatseke chimbudzicho! Koma mwini wake ali ndi galimoto, samukhudza. Akhudza ine wa ndowa."

Apa tisawanamizire amayiwa. Sanali munthu woipa mtima, ndipo zambiri zimene ananena zinali zoona. Chopweteka n'chimenecho. Akanakhala kuti akunama, Kalembera akanawayankha mosavuta, koma anasowa mtengo wogwira.

"Ine sindikukuuza chochita," anatero amayiwo akudzuka. "Wophunzira ndiwe." Anatenga chingwe chawo n'kutuluka, chifukwa panja anthu anali atayamba kugogoda ndowa.

4. Madzi a m'ketulo

Mabotolo ankafunika kuofesi pofika teni koloko. Pambaula panali ketulo imene anawiritsira madzi a tiyi, ndipo munali motsala madzi pang'ono.

Kalembera anatsegula bokosi lake. Botolo lapadera lija linali pakona, chivindikiro chake chosatsegulidwa. Ntchitoyi ankaidziwa bwino, ndipo ankadziwa chinthu chimodzi chimene a Dekhani sanachiganizire. Botolo lakuda limafuna masiku awiri kuti lide, koma loyera silisonyeza tsiku. Lothiridwa dzana ndi lothiridwa lero amaoneka chimodzimodzi.

Anakhudza ketulo ija. Inali itazizira. Anatsegula botolo, anathira mpaka pamzere, anatseka. Kenako analembapo 27.

Amayi ake analowa kudzatenga sopo. Anaona ketulo, anaona mabotolo awiri patebulo, lakuda ndi loyera, onse olembedwa 27.

"Si madzi a pachitsime chathu omwewo?" anatero motsitsa mawu. "Wangowatenthetsako basi."

Awiriwo sanayang'anane. Botolo lakuda lija Kalembera anafuna kukaliponya m'chimbudzi, koma panjira yake panali azimayi odikira madzi. Anagwada n'kulilowetsa m'jombo ya malemu bambo ake, imene inkakhala pansi pa bedi chimwalirireni mwini wake.

Kuofesi a Dekhani ankakweza botolo lililonse pawindo asanalembe. Atafika pa 27 nkhope yawo inawala.

"Aa, loyera! Chimenechi ndiye chinkandisowetsa mtendere, anthu otunga pamenepa ndi ambiri. Bambo ako anakumba mozama, anali munthu wodziwa ntchito. Bwera, dontho lake umate wekha."

Anamupatsa kadontho kobiriwira pachala. Kalembera anakamata pamapu, pamalo penipeni pa nyumba yawo.

"Nanga lapadera lija?"

"Linasweka."

"Dekha, zimachitika."

Bodza loyamba linamutengera m'mawa wonse. Lachiwirili linangotuluka lokha.

5. Kumene mapaipi anapita

Patapita masabata atatu, a Dekhani anawaitananso achinyamata aja kuti awauze zimene akuluakulu agamula. Mapaipi anali oti apite kuseri kwa njanji. Mtsikana wa kumeneko analumpha n'kukumbatira anzake.

Anthu akubalalika, a Dekhani anamuitana Kalembera pambali.

"Usagwe nkhope, mwana wanga. Munatsala pang'ono. Kuseri kwa njanji zitsime zofiira zinali zisanu, kwanu zinayi. Pamsonkhano anakangana tsiku lonse. Wina anachita kunena kuti 27 chikanakhala chofiira sipakanakhala zokambirana, mapaipi akanabwera kwanu, chifukwa chitsime chimenecho chimamwetsa anthu ambiri kuposa zisanu zija kuziphatikiza. Koma popeza n'chabwino, agwirizana kuti dera lanu likhoza kudikira. Zitsime zinayi zija titseka, anthu tiwauze kuti azitunga kwanu."

Kalembera anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Onse?"

"Onse. Ndi sukulu ya mkaka yomwe. Ndidzabwera ndekha kudzakhoma chikwangwani."

"Kodi nambala ikakhala kuti inalakwika, ingasinthidwe?"

"Mndandanda unapita kale, anasainira. Opanga mapaipi auzidwa kokakumba. Madzi akatayika sawoleka. Wafunsiranji?"

Apa ndi pamene akananena. Chipinda chinali zii, munthu womumvera anali pomwepo, ndipo anali munthu wosathamangira kukalipa. Koma manyazi ndi chinthu choipa, amamanga pakamwa kuposa mantha.

"Ndimangofunsa," anatero.

6. Chikwangwani chobiriwira

Amayi ake ananena zoona pa chinthu chimodzi: simenti sinachedwe. Sabata lotsatira zitsime zinayi zija zinatsekedwa. Mwini wa chimodzi, mayi wamasiye wa ana asanu, anaima panjira n'kumuyang'ana Kalembera mpaka atakhota. Sanamutukwane. Bola akanamutukwana.

Mvula inayamba. Mzere wa ndowa ndi zigubu pakhomo pa Kalembera unkafika mpaka kumsewu. Amayi ake anagula chingwe chatsopano ndi ndowa yachiwiri, ndipo potunga ankaimba. Kalembera anali asanawamve akuimba chimwalirireni bambo ake, koma nyimboyo sinkamukomera.

M'nyumba mwawo madzi akumwa ankawiritsa. Zimenezi sanakambirane, zinangoyamba. Tsiku lina Kalembera anayesa kuuza amayi a pamzere.

"Madziwa muziyamba mwawiritsa musanapatse ana."

"Tiwiritsirenji?" anayankha mayi wina. "Si iwe wemwe unayeza? Kapena makala ake utigulira ndiwe, a Kalembera?"

Mzere wonse unaseka. Amayi ake anamuponyera diso, iye n'kulowa m'nyumba.

Loweruka m'mawa kunadutsa mayi wa m'zipinda za lendi zija akuthamanga, mwana ali kumsana, mutu uli lende. Sanapereke moni kwa aliyense.

"Watani mwanayo?" anafunsa wina pamzere.

"Akutsegula chiyambire dzulo. Wa chipinda chachitatu nayenso anamutengera kuchipatala."

"N'zamvulazi. Mwina anadya mango osatsuka."

"Eya, poti madzi ndiye ayi. Madzi anayeza."

Kalembera anamva zonsezo ali pakhomo, akuchapa. Anasiya kuchapako. Chapatsogolo pa mzere panali aphunzitsi a kusukulu ya mkaka ndi zigubu ziwiri zikuluzikulu pawilibala. Ankatungiratu madzi a Lolemba, a ana makumi anayi.

Belu la njinga linalira. Anali a Dekhani, chikwangwani atamangirira kumbuyo. Chinali chobiriwira, cholembedwa ndi zilembo zoyera kuti MADZI ABWINO, CHITSIME 27. Amayi a pamzere anaomba m'manja.

"Takulandirani, bambo," anatero amayi a Kalembera akupukuta manja pansalu. "Iwe, tenga mpando!"

"Dekhani, mayi, sindikhalitsa. Misomali inayi yokha." Anatembenukira kwa anthu. "Mwana uyu mumunyadire. Pa achinyamata khumi aja, kope lake lokha ndi limene sindinapezemo cholakwika. Ndalembera akuluakulu kuti amutenge ntchito yokhazikika."

Anaika chikwangwani pamtengo wa chitsime, n'kukhoma msomali woyamba. Anakhoma wachiwiri. Akusakasaka wachitatu m'thumba, mzime anatulukira pakhomo. Anali atavala jombo imodzi ya bambo ake, yomufika m'ntchafu, akuikoka pansi. Anthu anaseka. M'manja ananyamula chinthu chimene anachipeza m'jombomo, akuchikhutchumula.

"Agogo, taonani! Inki!"

A Dekhani anawerama akumwetulira, monga amachitira munthu wamkulu mwana akamuonetsa chidole. Kenako kumwetulirako kunatha. Analandira botololo, n'kulikweza kudzuwa monga ankachitira pawindo la kuofesi. Analitembenuza mpaka nambala inaonekera. Anayang'ana nambalayo, anayang'ana chikwangwani chimene chinali lende pa misomali iwiri.

Madzi okha ndi amene ankamveka, akulowa m'chigubu cha aphunzitsi aja.

Amayi ake anamugwira Kalembera pamkono. Anamugwira zolimba, zikhadabo n'kulowa m'khungu.

A Dekhani anaika hamala pansi. Ulendo uno sanayambe ndi mawu awo aja.

"Mwana wanga," anatero, "zolemba izi ndi zako. Lapadera unati linasweka. Tandiuza pamaso pa anthu awa, aphunzitsiwa asanakankhe wilibala yawo: pa mabotolo awiri aja, la pachitsime ichi ndi liti?"